Thanki Yopanda Nsomba

Kwa milungu isanu, m'thanki yathu ya madzi amcere munali miyala ndi mcenga cabe. Alendo anali kutiseka: "Nanga nsomba zili kuti?" Sanadziwe kuti caka catha tinafulumira, ndipo ma clownfish athu awiri anafa m'masiku atatu.

Zonyansa za nsomba zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni. Mabakiteriya okhala m'miyala amamusandutsa nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapweteka kwambiri. Koma mabakiteriyawo saculuka tsiku limodzi. Conco tinali kuponyamo kacakudya kuti kaole, n'kumapima madzi.

Dzulo ammonia ndi nitrite zinaonetsa 0, nitrate atakwera. Mawa tikagula nsomba imodzi cabe. Inzake idzayembekezera milungu iwiri.