KU SENGA BAY: DOKO LA USIPA NDI PHIRI LAKE

Anthu ambiri a ku Lilongwe akamva dzina lakuti Senga Bay amaganiza za mahotela, mchenga woyera ndi alendo oothera dzuwa. Senga Bay imeneyo iliko ndithu, koma si imene tidapitira ife. Kuseri kwa mipanda ya malo ogona alendo kuli mudzi waukulu wa asodzi, m'dera la Mfumu Maganga, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera wina mwa usipa umene amayi amagula m'misika ya mumzinda. Pamwamba pa mudziwo pali mapiri a Senga. Tidapangana kuti tikaone zonse ziwiri, doko ndi phiri.

Ulendo wake siwovuta. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Salima ndi makilomita ngati 100, msewu wa tala, wokhotakhota pamene mukutsika chigwa. Kuchoka pa Salima mumakwera galimoto ya matola kapena njinga yamoto, makilomita ena ngati 20 kulowera kum'mawa, mpaka msewu uthere panyanja.

Amene afuna kuona doko la Nguwo lili moyo alawire. Ife tidafika azana ya Fajr itangomveka kumene m'mizikiti ya m'mudzimo, kunja kusanayere bwino, koma tidapeza pamchenga patadzaza kale. Amayi adali atakhala pa ndowa zozondotsa, maso ali kunyanja. Anyamata a njinga ndi mawilibala adali pomwepo. Chiyao, Chichewa ndi Chitonga zimamveka mosakanikirana, pakuti asodzi ena adachokera ku Nkhata Bay kulondola nsomba, nakhazikika konkuno.

Usipa amagwira usiku ndi khoka lotchedwa chilimila. Ntchito yake imafuna maboti awiri ndi bwato limodzi. M'bwatomo mumakhala munthu wotchedwa siginala, amene amayatsa nyali kuti usipa usonkhane pansi pake. Akaona kuti wachuluka, amapalasa pang'onopang'ono kuukokera pakamwa pa khoka, anzake a m'maboti aja nayamba kukoka. Ntchito ya siginala siiphunzirika tsiku limodzi: akafulumira usipa umabalalika, akachedwa khoka limatuluka lopanda kanthu, mafuta a injini atapita pachabe. Kale nyalizi zidali za palafini, zopopa zija. Masiku ano ambiri amagwiritsa mababu a batire. Mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, ndipo mphepo ya mwera ikakula, makamaka pakati pa Juni ndi Ogasiti, maboti amagona pamtunda. Choncho inu amayi, mukaona usipa wakwera mtengo pamsika musafulumire kukalipira wogulitsa. Yang'anani kaye kumwamba ngati mwezi uli wathunthu.

Boti likangogunda mchenga, malonda amayambika pomwepo, madzi ali m'mawondo. Muyeso wake ndi ndowa. Pa ndalama zimene zapezeka amayamba achotsa za mafuta, kenaka mwini khoka amatenga gawo lake, zotsalazo ndi zimene alovi amagawana. Tsiku limene tidaliko maboti ena adabwera ndi ndowa zowerengeka chabe, ndipo tidaona amuna akuluakulu, amene adachezera kukoka usiku wonse, akupita kwawo ndi ndiwo za m'kajumbo basi. Bambo wina wachikulire amene amasoka ukonde pansi pa mtengo adatiuza kuti ali mnyamata chambo chimagwidwa pafupi ndi gombe pomwepa, koma tsopano ana ake amapita kutali ndi injini nabwera ndi usipa wokhawokha. Sadadandaule, adangonena monga munthu wonena za mvula.

Kumtunda kwa doko kuli mathandala, mizere yaitali ya mabenchi oyanikapo nsomba, usipa uli ng'aning'ani padzuwa. Wina amauyanika wauwisi. Wina amayamba auviika m'madzi owira a mchere, ndiwo usipa wofutsa uja. Wina amakazinga, pamene kampango ndi mlamba amawamba pamoto. Kupatula woyanika chabe, zonsezi zimadya nkhuni, ndipo milu ya nkhuni tidaiona paliponse. Funso lakuti nkhunizi zimachokera kuti tidapita nalo kuphiri.

Mapiri a Senga ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. Si aatali kwenikweni, munthu wamphamvu zake amakwera ndi kutsika m'mawa umodzi, koma ndi amiyala ndipo Salima ndi kotentha. Tengani madzi ambiri, nsapato zogwira, ndipo musapite nokha. Ife tidatenga mnyamata wa m'mudzimo wotitsogolera, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa ku Senga Bay kulinso kampu ya asilikali a Parachute Battalion, malo amene mlendo sayenera kungolowamo mwachisawawa.

Njira imayambira m'minda ndi m'malambe, kenaka imalowa m'matanthwe. M'munsi monse tidayenda padzuwa, pakati pa zitsa ndi tchire lophukira. Mitengo ikuluikulu tidayamba kuipeza pamene phiri layamba kuvuta, kumene munthu sangatsike ndi mtolo pamutu. Kumeneko kuli mthunzi, kuli mbira zothawira m'ming'alu ya miyala, kuli anyani amene adatiyang'ana ngati ife ndiye olakwa. Nkhwazi ziwiri zimazungulira m'munsi mwathu, chinthu chodabwitsa kwa munthu amene adazolowera kuziona atakweza mutu. Ana amene tidali nawo sadafune kuchokapo.

Pamwamba m'pamene zonse zidaoneka pamodzi. Kutsogolo kwathu kudali chilumba chaching'ono cha Namalenje. Kumwera kudali zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park, malo amene adakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO nkuwalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha tinsomba tokongola ta mbuna. Kutsidya, mwa chizimezime, kudali mapiri a gombe la kum'mawa. Kumbuyo kwathu chigwa cha Salima chidayala madambo ake ndi minda ya mpunga cha ku Lifuwu.

Koma maso athu adabwerera pansi pomwepa. Kuchokera pamwamba gombe limaoneka ngati chingwe chopyapyala, ndipo gawo lalikulu la chingwecho ndi mipanda ya nyumba za alendo ndi za anthu olemera a m'tauni. Asodzi, mathandala, amayi ochapa ndi ana osamba apanikizana m'timipata totsala. M'chaka cha 2024 nyanja idakwera kwambiri, madzi nalowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete, ndipo mchenga udachepanso. Utsi wa m'mudzimo umakwera molunjika mbali yomweyo ya phiri imene yayera. Tili padoko tidaona ngati vuto la msodzi ndi nsomba zokha. Tili apa tidaona kuti wapanikizika mbali zitatu: nsomba zikuthawira kutali, nkhuni zikuthawira pamwamba, ndipo malo oimikapo boti akucheperachepera. Kutukwana mayi wotola nkhuni n'kosavuta, koma usipa wofutsa umene iye akukonza ndife tomwe timaufuna pa nsima.

Boma la Salima lomweli lili ndi chitsanzo chimene sitingachisiye. Kumpoto kwa Senga Bay, moyang'anizana ndi doko la Chikombe, kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. (Musasokoneze ndi Makanjira wa ku Mangochi, awa ndi mafumu awiri.) Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka chilumbacho nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi onse amachokapo. Nyengo ikatsegulidwa pamakhala mwambo, ndipo malamulo ake ngodziwika: mowa, chamba ndi juga saloledwa pachilumbapo, maukonde amayamba aonedwa asanalowe m'madzi. Utaka wa ku Mbenji umatchuka ndi kukula kwake. Lamuloli lakhala zaka zonsezi chifukwa eni ake ndi anthu a pomwepo, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi anthu omudziwa. Ku Senga Bay, kumene kwasonkhana anthu ochokera kosiyanasiyana, mlendo ndi mwini mudzi, wa hotela ndi wa bwato, chinthu chotere n'chovutirapo. Makomiti a m'madoko alipo, koma maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene, amakokololabe ana a nsomba m'madzi osaya.

Tidatsika dzuwa lili paliwombo, miyala ikutentha ngati chiwaya, tikumva azana ya Dhuhr ikukwera kuchokera m'mudzi. Mawu amodzi kwa makolo amene adzatenge ana: madzi a padoko ndi okopa munthu akatopa, koma likodzo liliko, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sudasiye maboma a m'mphepete mwa nyanja. Madzi akumwa nyamulani anu, ndipo ana asambire kutali ndi mabango ndi pamene pamatsukidwa nsomba.

Madzulo tidadya mpunga ndi usipa wauwisi wophika ndi tomato m'kalesitilanti ka pamsika. Mayi wophikayo adatifunsa ngati tidaonako anyani, ndipo titavomera adati chaka chino amuthera chimanga m'munda wake wa m'munsi mwa phiri. Panthawiyo alovi adali akunyamula mabatire ndi zigubu za mafuta kupita kumaboti, ndipo mdima utagwa nyali za asiginala zidandanda panyanja, kutali kwambiri ndi gombe.