Sikipa ya chipani usaivale, mwananga

Mwananga,

Kalatayi ndaibisa pansi pa nshawa zimene amako akukazingira. Ndikanakuuza pakamwa, koma ndikangoyamba umaseka kuti adadi ayambanso za Chihana. Msewu wa ku Kitwe ndi wautali, uwerenga basi.

Lachiwiri usiku azakhali ako a ku Kanyama anaimba foni akulira. Msuweni wako ali ku Chimbokaila. Anamugwira pamodzi ndi anzake atamenyana ndi anyamata a chipani china, pamaliro penipeni. Bwana amene ankawagulira mowa ndi kuwagawira masikipa ndi ma K50, foni yake siikulowanso. Azakhali ako agulitsa firiji kuti apeze loya. Mwana amene ndinkamukweza pa njinga popita ku sikelo! Chiyambire tsikulo sindikugona, chifukwa iwe ndi iye mtima wanu ndi umodzi: mukaona chokhota simutha kungodutsa.

Mlandu wina ndi wanga. Ndine ndakulera ndi nkhani ya Chakufwa Chihana, koma ndinkakuuza mbali yokoma yokha. Munthuyo anali wa mabungwe a antchito, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Kamuzu anamusunga m'ndende zaka zambiri osamuzenga mlandu. Mu March 1992, mabishopu a Katolika a ku Malawi atangotulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma la Kamuzu, anabwera ku msonkhano kuno ku Lusaka n'kulengeza kuti akubwerera kwawo kukafuna zipani zambiri. Nthawi imeneyo akuluakulu akwathu ku Mchinji okhala muno mu Chaisa ankayamba atseka chitseko asanatchule dzina la Kamuzu. Kuno ku Zambia komwe! Pa 6 April anatsika ndege ku Lilongwe pepala lili m'manja, ndipo anamugwira pabwalo la ndege pomwepo. Tinamvera pa wailesi, anthu asanu ndi mmodzi titaunjikana m'chipinda chimodzi, mkulu wina chipewa atachigwira pachifuwa ngati pamanda. Anamugamula zaka ziwiri, anatuluka kutatsala masiku ochepa kuti referendamu ya pa 14 June 1993 ichitike.

Wamva bwino? Pepala. Anapita yekha, ndi dzina lake, masana. Sanatume mwana wa munthu kuti atsogole ndi chikwanje iye ali m'galimoto magalasi atakweza. Msuweni wako akamati akumenyera osauka, osauka ake ati? Amake amene lero akumwa madzi otentha chifukwa firiji inapita?

Ndipo Chihana yemweyo anandikhumudwitsa. Atakhala phungu wa ku Rumphi ndiponso wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, anadzaima ndi pulezidenti Muluzi pamene Muluziyo ankafuna kupitirira zaka zake 10. Chithunzi chake ndinachichotsa pakhoma. Amako ndiwo anachibwezera mu June 2006, titamva kuti wamwalira ku chipatala ku South Africa, amvekere munthu sitimuyeza ndi chaka chimodzi. Sindinawayankhe, chilipobe pamwamba pa kabati. Ngati munthu wotero anatha kupotoka, nanga awa ogawa ma K50?

Nanenso ndinali ndi magazi otentha, usaganize kuti ndinabadwa ndi imvi. Mu June 1990, mtengo wa unga utakwera kawiri, ndinathamanga nawo m'zipolowe za m'tauni. Ndinabwera ndi thumba la unga paphewa ndikudziona ngati ngwazi. Mnyamata wa nyumba yachitatu kuchoka pathu, amene tinanyamuka limodzi m'mawa, sanabwere. Agogo ako unga umenewo anakana kuuphika.

Sindikuti ukhale chete. Ku migodi ukapeza yuniyoni, lowa, uzisonkha, ndipo akakudyerani malipiro kapena kukutsitsani pansi opanda nsapato zachitetezo, ulankhule pamsonkhano anthu akuona, zilembedwe. Koma wobwera usiku ndi sikipa ndi botolo, umuuze kuti uli pa shifiti.

Kaloba usatenge. Uzigona mu neti. Tchalitchi uchipeze sabata yoyamba, ndipo jekete yakuda ija uziichapa, amako atopa kunena.

Kuno mvula yalowanso m'nyumba mpaka m'miyendo ya bedi, ngalande zatsekeka monga mwa nthawi zonse. Mlongo wako wakhoza Grade 9. Mwendo wa agogo ukadali wotupa.

Loweruka ndikupita kukamuona msuweni wako, ndinyamula nsima m'kontena ndi sopo. Ndikaima pamzere pamodzi ndi azimayi ena, azakhali ako atatsamira pa ine. Mwananga, mzere umenewo ndisadzaimepo chifukwa cha iwe. Mawondo anga sangathe, mtima wa amako sungathe. Akakuitana kokakwera lole, ukumbuke firiji ija. Uziimba Lamlungu lililonse, ngakhale kungofulasha, ndiimba ndine. Ndapota nawe, mwana wanga, chonde, chonde.

Ndine,
Bambo ako