Bambo Anga Ankaboola Thanthwe, Koma Ankaopa Dokotala wa Mano

Malemu bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kudzalowa ntchito pa mgodi wa golide wa Cam and Motor, tauni ya Kadoma ikutchedwabe Gatooma. Kwa zaka zambiri ankaboola thanthwe pansi pa nthaka ndi chimakina chogwedeza thupi lonse. Koma akangomva kulira kwa kamakina koboolera mano, thukuta linkangoti kamukamu. Dzino likayamba kubooka ankathirapo mchere n'kumadikira. Kuchipatala ankapita tsaya litatupa kale, ndipo pamenepo chotsala chinali kuzula basi. Anamwalira ali ndi mano 6 okha. Chimanga chootcha, chimene ankachikonda kwambiri, ankangochiyang'ana.

Ndinawakumbukira pamene mdzukulu wanga wa ku Chegutu, wa zaka 9, anandionetsa kadontho kakuda pa dzino lake lotafunira. "Agogo, kodi akandiboola?" Mantha ake anali omwe aja.

Mayi ake anali atamva za njira yotchedwa air abrasion. Dokotala amalozetsa kampope kakang'ono pa dzino, ndipo mpweya wamphamvu umawaza ufa wosalala wa aluminium oxide umene umapala mbali yowolayo, monga momwe amisiri amachotsera dzimbiri pa chitsulo pochiwaza mchenga. Palibe kunjenjemera kapena kutentha, ndipo kawirikawiri jakisoni wochititsa dzanzi safunika. Njirayi si yatsopano. Anaiyambitsa ndi Robert Black wa ku America m'ma 1940, koma inazilala chifukwa zomatira mano za nthawi imeneyo zinkafuna bowo losemedwa bwino. Inadzabweranso m'ma 1990, zomatira zogwira zokha pa dzino zitafala.

Ubwino wake uli ndi polekezera. Imathandiza bowo likadali laling'ono, siichotsa zomatira zakale zachitsulo, ndipo imafuna magetsi, makina opopa mpweya ndi ena oyamwa fumbi. Ife a ku Rimuka, amene timaudziwa mdima wa magetsi akathima tsiku lonse, sitingaikhulupirire msanga.

Kumene tinapita makinawo analibe. Mayi wothandiza odwala mano anatiuza za njira ina ya ART: amakokota chowolacho ndi tizitsulo tapamanja tonga timasipuni, n'kumata bowolo ndi glass ionomer, imene imatulutsa fluoride wolimbitsa dzino. Njirayi inayambira ku Tanzania m'ma 1980, ndipo Jo Frencken ndi anzake anaiyesa pa ana a sukulu za sekondale kuno ku Zimbabwe kuyambira mu 1993. Zinandipweteka mumtima. Bambo anga anali adakali moyo zaka zimenezo, ndipo ena mwa mano awo akanapulumuka. Kodi nkhani yabwino chotere inalephera bwanji kufika m'makomboni mwathu?

Mwana uja anakhala pampando atagwira chitenje changa. Sanalire. Atatsika anafunsa ngati ayamba kale.

Kenako mayi aja anatembenukira kwa ine. "Nanga inu, agogo, bwanji mukutafunira mbali imodzi?" Ndinali nditabisa dzino langa kwa zaka ziwiri, ndikulithira mchere ngati mwana wa bambo anga. Ataliona anapukusa mutu: bowo lafika pa mtsempha, ndipo mpweya kapena tizitsulo tija sizingathandizenso. Andipatsa tsiku lobwereranso. Mdzukulu wanga wati adzandiperekeza kuti ndidzagwire malaya ake.