Kuyang'ana ndi Kuyang'anira

Ine ndinakulira ku Kaumbwe m'boma la Petauke, kumene mwana amayamwa Cinsenga, nakumana ndi Cinyanja ndi Cingelezi atafika ku sukulu. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linakhazika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsiramo kuyambira Giredi 1, ndipo ife tinaphunzira m'masiku amenewo.

Mneni amene anali kusautsa ana koposa ndi uja woyenda ndi kamau kena pambuyo pake, wochedwa phrasal verb. Aliyense anali kudziwa kuti "look" ndi kuyang'ana, ndi kuti "after" ndi pambuyo. Motero ciganizo cakuti "Look after the cattle" cinali kumveka kwa ambiri ngati kuyang'ana kumbuyo kwa ng'ombe.

Tsiku lina aphunzitsi athu anafunsa mnyamata wina nati, "Iwe, atate ako akakutuma kubusa, umayang'ana ng'ombe kapena umaziyang'anira?" Iye anayankha kuti, "Ndimaziyang'anira, aphunzitsi. Ndikangoziyang'ana cabe, zidzalowa m'munda wa eni ake, ndipo mlandu udzafika kwa anyakwawa." Aphunzitsiwo analemba mau awiriwo pa bolodi, nalemba mzere kunsi kwa -ir-. Anatiuza kuti nchito imene kacidutswa aka kagwira m'kati mwa mneni wathu, "after" aigwira ali kunja kwa mneni wa Angelezi.

Kuyambira pamenepo ndinazindikira kuti mwana afika m'kalasi atadziwa kale kuti kanthu kakang'ono kamasintha tanthauzo la mneni. Iye sasokoneza kutseka ndi kutsekula, kapena kumva ndi kumvera. Komabe zinenero ziwirizi siziyenda phazi limodzi nthawi zonse: "look for" ndi kufunafuna, pamene "give up" ndi kutaya mtima. Cifukwa cace mneni wotere aphunzitsidwe wathunthu ngati liu limodzi, m'ciganizo cokamba za moyo wa mwanayo, osati wong'ambidwa pakati.

Cikalata ca boma ca mu 1996, Educating Our Future, cinavomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa. Inu amene mukonzekera uphunzitsi, musayese phunziro la Cinyanja lopanda gawo pa Cingelezi. Mwana amene mwamuonetsa bwino mapangidwe a aneni a kwao sadzadodoma akakumana ndi "look after" pa mayeso olowera ku sekondale.