Wailesi ya Ndalama za Thonje

M'chaka cha 1995, pamene Balaka anali akadali mbali ya boma la Machinga, ku Ulongwe kunali mlimi wina amene ankalakalaka wailesi ya kaseti. Masiku amenewo nyimbo za ku Balaka zinali m'kamwam'kamwa. Gulu la Alleluya, limene linayamba mu 1978 motsogozedwa ndi Paul Banda, linali litatchuka kale, ndipo mng'ono wake Lucius anali atangotulutsa chimbale chake choyamba. Madzulo alionse mlimiyu ankakamvera pakhonde la mnansi wake, koma mwini wailesi akangoyasamula, alendo onse ankadziwa kuti nthawi yobalalika yakwana.

Atagulitsa thonje ku ADMARC, iye ndi mkazi wake anagawa ndalama patatu: za fizi ya mwana wawo wamkazi wa Fomu 1, za chimanga, ndi zotsala za wailesi. Zotsalazo zinali zochepa, pakuti chiyambire February 1994, pamene boma linaleka kuikira Kwacha mtengo, katundu wochokera kunja ankakwera mosalekeza.

"Bambo, za mwanazi musazikhudze," anatero mayiyo pomuperekeza kumsewu.

M'sitolo ina pa Balaka anapezamo chiwailesi cha makaseti awiri, cha timagetsi tothwanima, chomatidwa pepala la manambala aakulu osonyeza mphamvu zake. Wogulitsa atachitsegula, mabeseni a m'sitolomo ananjenjemera, mtima wa mlimi uja nawo unanjenjemera. Kuti achitenge anayenera kutapa za fizi. Dzanja linafika ndithu m'thumba, koma anakumbukira kuti safunsa anadya phula, choncho anapita kwa munthu wokonza mawailesi amene ankakhala pakhonde la sitolo ina.

"Achimwene, kwanu kuli magetsi?" anafunsa mmisiriyo.

"Iyayi."

"Ndiye mtengo wa wailesi si umene mwauzidwa pakauntala. Mtengo wake ndi miyala imene muzidzagula mwezi ndi mwezi."

Mmisiriyo anafotokoza kuti mwala uliwonse uli ndi mphamvu ya mavoti 1.5. Chiwailesi chija chimafuna miyala isanu ndi itatu ikuluikulu, pamene yaing'ono imakhuta ndi inayi. Kaseti imadya miyala msanga kuposa kumvera wailesi chabe, chifukwa muli kainjini kozungulitsa tepi. Manambala a papepala aja, anatero, amanena za mphamvu ya kamphindi kochepa, osati ya tsiku lonse. Anamulangiza kuti ayese wailesi ndi kaseti imene akuidziwa bwino, amvetsere ngati mawu sakusweka kapena kukokeka, aone ngati ili ndi FM kuwonjezera pa mamita ena, ndiponso afunse ngati malamba ndi mitu yake zimapezeka ikawonongeka.

Mlimi uja anabwerera m'sitolo nagula wailesi ya kaseti imodzi, ya sipika imodzi, yosathwanima. Atafika kumudzi anyamata ena anaiseka, koma mkazi wake anayamba wawerenga ndalama za fizi, ndipo atazipeza zamphumphu, m'pamene anapukuta wailesiyo ndi nsonga ya chitenje naiika pathebulo.

Banjalo linaphunzira kusamala miyala. Tepi ankaibweza ndi bolopeni, ndipo makaseti ankawaliza Loweruka ndi Lamulungu basi. Masiku ena ankamvera nkhani, mauthenga a maliro ndi mapologalamu a zaulimi pa MBC. Pamene wailesi yachiwiri ya MBC inatsegulidwa mu 1997 pa FM, kawailesi kaja kanaikoka bwinobwino. Pofika 1998, Balaka atakhala boma palokha, chiwailesi cha mnansi uja chinali chitavundikiridwa nsalu posowa miyala, ndipo mwini wake ndiye ankadzakhala pakhonde la mlimiyu.

Lero makaseti anatha, anthu amamvera nyimbo pa mafoni ndi pa masipika otchajidwa ndi dzuwa. Komabe funso la mmisiri wa pa Balaka likadali lofunika kwa aliyense wa m'thumba mochepa: chinthuchi ndikachigula lero, mawa chizidzadya chiyani, ndipo adzagone ndi njala ndani kuti icho chidye?