Njila ya ku Joni ipitila ku Kabulonga

Pa Intercity, mu Dedan Kimathi Road, tulo kulibe. Ma ngwangwazi akuwa, ma ukwa bag aloŵa pansi pa basi, amai agulitsa ma fritters na tiyi. Ma basi a ku Johannesburg anyamukila pamenepa, ena kupitila ku Chirundu na Beitbridge, ena pa bridge ya Kazungula yamene inatsegulidwa mu May 2021. Na passport ya pa Zed simufunika visa kuti muloŵe mu South Africa: akupatsani masiku ofika 90 pa caka. Koma masiku aya ni a mlendo, osati a munthu wa nchito, ndipo apa ndiye pamene ambili amagwela.

Kwelani minibus ya ku Kabwata, museluke pa market, mukhale pa benchi mu barbershop olo mu salon. Simuzacedwa kumva nkhani ya uja anayenda "kukaona sister", n'kupezeka aluka tsitsi ku Hillbrow olo acita welding ku Germiston. Masiku anatha, iye anapitiliza kusebenza. Manje abwela, apeza bwana amene afuna kumulemba nchito ya zoona na contract, ndipo funso ni imodzi cabe: kodi vakale vija vizanigwila?

Yankho iyambila pa boda pamene munatulukila. Kucokela mu May 2014, South Africa inaleka kulipilitsa fine kuli opitiliza masiku. Manje amakulembani kuti ndinu undesirable, kutanthauza munthu wosafunika mu dziko. Ngati munapitiliza masiku osaposa 30, ban ni caka cimodzi. Mukabwelezanso mkati mwa miyezi 24, ni zaka ziŵili. Kuposa masiku 30, ni zaka 5. Amene anagwidwa, kusungidwa ku Lindela ku Krugersdorp na kupitikitsidwa, nkhani yake ni ikulu kuposa apa: lamulo ya Immigration Act ya 2002 imuika pa oletsedwa mpaka Director-General wa Home Affairs amumasule.

Kucoka ku Kabwata, kwelani kumtunda ku Ridgeway, kumene kuli headquarters ya apolisi. Uku ndiye kodinda vala va police clearance. Work visa ifuna pepala iyi kucokela ku dziko kumene munakhalako miyezi 12 olo kuposa. Mwaona msampha? Ngati munakhala ku Joni zaka ziŵili, afunanso clearance ya apolisi a kuja. CV yanu ikamba kuti munali chef ku Sandton, koma passport ionetsa sitampu ya mlendo cabe. Mapepala yanu yeka ndiye yazakuululani.

Tsatilani Independence Avenue kupita ku Woodlands, mukhotele ku Kabulonga. Kuno congo ca mu town cisila. Mitengo ni itali, ma wall fence ni yatali kuposa, ndipo miseu ili na maina ya nyama: Kudu, Sable, Roan. Mu Cheetah Road ndiye muli South African High Commission. Lamulo ikamba kuti mlendo sangasinthe kukhala wa nchito ali mkati mwa South Africa, kupatulako nkhani zocepa zapadela. Application iyambila kwanu. Ndiye cifukwa cake njila ya nchito ya ku Joni siyambila pa Intercity, iyambila kuno.

Patsogolo pang'ono, kumene Kabulonga Road isilila ku Ibex Hill, kuli embassy ya America. Kuja fomu ya DS-160 imafunsa mosabisa ngati munapitilizapo masiku ku America olo kuphwanya malamulo ya visa ya America. Kukhala kopanda cilolezo masiku oposa 180 kubweletsa ban ya zaka 3, caka cathunthu ni zaka 10. Koma akakugwilani na boza, citseko cingatsekeke moyo wanu wonse. Ku Britain, boza pa fomu ingakudyeleni zaka 10.

Apa ndiye pofunika kucenjela na ma agent a mu makolido ya mu town, aja okamba ati "boss, tizakonza sitampu" olo "tengani cabe passport yatsopano, mukambe ati yakale inasoŵa". Buku ingakhale yatsopano, koma dzina, tsiku yobadwa na vala vanu ni vimodzimodzi mu kompyuta yawo. Ndipo ku South Africa, wopezeka na visa olo permit ya fake amaloŵa pa list ya oletsedwa, yamene siisila yeka monga ban ya caka cimodzi.

Nanga mucite bwanji? Sakilani pepala ija ya Form 19 yamene anakupatsani pa boda, muŵelenge ban yanu isila liti. Ngati panali cifukwa comveka, monga kudwala, mungalembe appeal ku Home Affairs na kalata ya ku cipatala. Muuzeni bwana wanu watsopano zoona pa ciyambi, asadabwe pakati pa njila. Pa fomu, yankhani vamene afunsa, mwacoonadi, na madeti yolondola.

Kaya mukwelela pa tanki ya Chelstone olo pa Burma Road, ndalama ya minibus yofikila ku Kabulonga ni ing'ono kuposa tikiti ya ku Joni yamene izasilila pa Beitbridge, basi n'kupitiliza ulendo, imwe mwatsala na cola pa boda.