A Rotary anditenga mtima

Chizindikiro chawo mwina munachionapo: gudumu la manomano lojambulidwa pakhoma la sukulu, pamjigo kapena pakhomo la wodi kuchipatala. Ambiri timangochidutsa. M'maminibasi chimanenedwa zambiri, ati ndi gulu la mabwana odya zonona m'mahotela, ena mpaka kunong'onezana zoti muli zachinsinsi. Ine ndakhala nawo pansi ngati mlendo, ndaona ndi maso angawa, ndipo chibwerereni anzanga atopa nane, poti nkhani iliyonse, ngakhale ya mpira, ndikumaikhotetsera kwa a Rotary.

Anandikokera kumeneko ndi alamu anga, membala wa kalabu ina mu Blantyre muno. "Alamu, mawa masana musapangane ndi munthu, mukadye nafe," anatero. Za chakudyacho ndilibe zambiri zonena, chinali mpunga ndi nkhuku monga paukwati uliwonse. Koma belu linalira pa nthawi yeniyeni imene inalembedwa, osati ija timati ya Chimalawi. Alendo tinaimiritsidwa, kutchulidwa mayina, kuwomberedwa m'manja. Patebulo pathu panali dokotala wa mano, loya, mayi wogulitsa zipangizo zomangira, injiniya wa zamadzi ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, aimvi mutu wonse. Onsewa amangoitanana ndi dzina loyamba, ati ndiwo mwambo wawo. Ine lilime linakana. Aphunzitsi aja ndinangowatchulabe kuti abambo mpaka pobalalika, iwo n'kumangoseka.

Kenaka anaimirira wosungitsa mwambo ndi kambale m'manja, n'kuyamba kugamula milandu. Wina analipa chindapusa chifukwa foni inalira, wina chifukwa nkhope yake inatuluka m'nyuzipepala osawauza anzake. Mayi wina sanadikire n'komwe kuzengedwa, anaponya yekha ndalama m'kambalemo chifukwa mwana wawo wakhoza mayeso a MSCE. Anthu akuluakulu, amaudindo, kuseka mpaka kupukuta misozi. Ndalama zonsezo zinawerengedwa pomwepo n'kulembedwa m'buku.

Mtima wanga unapita pamene anaimirira msungichuma. Kalabuyi ikumanga zimbudzi za atsikana pasukulu ina ya pulayimale kunja kwa mzinda, ndipo iye anayamba kuwerenga: njerwa zafika, malata agulidwa, simenti yakwera mtengo kotero ndalama yaperewera mwakuti. Mayi wa zipangizo uja anakweza mkono. "Nanga lisiti la lole yonyamula mchenga lili kuti?" Ndinazizidwa nkhongono. Kwathu kuno, kaya ndi m'komiti ya chitukuko cha tchalitchi kaya ya maliro, funso limenelo ndi chiyambi cha udani. Wofunsidwa amati wanenedwa kuba, msonkhano umathera pomwepo, ndipo mabanja awiri amasiya kupatsana moni. Apa msungichuma anangotsegula fayilo, n'kusolola kapepala, kakuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kufika kwa wofunsayo. Mayiyo anakayang'ana, anagwedeza mutu, nati sabata yamawa apeza lole yotchipirako. Patangopita kanthawi awiriwa anali akugawana nthochi.

Ndinauzidwa pambuyo pake kuti ali ndi mafunso anayi amene amayezera zimene akuganiza, kunena ndi kuchita: ngati zili zoona, ngati zili zachilungamo kwa onse okhudzidwa, ngati zimange ubwenzi, ndi ngati zipindulire onse. Anawalemba ndi Herbert Taylor mu 1932 pofuna kudzutsa kampani ya mapoto imene inatsala pang'ono kugwa. Mawu okoma apakhoma tawaona ambiri m'maofesi muno. Awa ndinawakhulupirira chifukwa cha kalisiti kaja.

Gululi linayamba ndi kusungulumwa kwa munthu mmodzi. Loya wina, Paul Harris, anakulira m'katauni kakang'ono ku Vermont komwe aliyense amadziwa mnzake, ndipo atafika mumzinda wa Chicago anasowa wocheza naye. Pa 23 Febuluwale 1905 anakumana ndi anzake atatu, n'kugwirizana zomakumana mosinthana m'maofesi awo. Poyamba zinali zocheza ndi kudziwana pa malonda basi. Zothandiza anthu zinabwera pambuyo, ndipo ntchito yoyamba imene anaiyamba mu 1907 inali yolimbikitsa kuti mumzindamo mumangidwe zimbudzi za aliyense. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha, kuti kani anthuwa ndi zimbudzi anayambana kalekale. Mu Africa kalabu yoyamba inatsegulidwa ku Johannesburg mu 1921. Lero makalabu a ku Malawi, monga a ku Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ali m'chigawo chimodzi, cha nambala 9210, ndi anzawo a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique. Amayi anachedwa kuloledwa, ndipo apa a Rotary alibe chodzitamira: zinatengera khoti lalikulu la ku America mu 1987, malamulo a gulu lonse n'kusintha mu 1989. Mayi woyamba kutsogolera gululi padziko lonse, Jennifer Jones wa ku Canada, anayamba udindowo mu 2022.

Loweruka lotsatira ndinakwera nawo kupita kusukulu kuja. Masuti anatsala kunyumba. Loya uja anali pawilibala, akututa mchenga, thukuta lili kamukamu, ana a sukulu akumuseka mmene amapepesukira pokwera kachitunda. Njerwa anaumba ndi makolo, madzi amatunga ndi amayi a m'mudzimo, ndipo a mfumu anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango kuonetsetsa kuti aliyense amene analonjeza kubwera wabweradi. Injiniya wa zamadzi sanagwire fosholo. Iye anayenda ndi tepi kuyeza kutalika kwa dzenje kuchokera pamjigo, kuopa kuti zoipa zingalowe m'madzi akumwa, kenaka anakhala pansi ndi a komiti ya sukulu n'kuyamba mafunso otopetsa. Kiyi azisunga ndani? Sopo akatha agula ndani? Chitseko chikathyoka, ndalama ichokera kuti? Anafunsa kangapo, mofatsa, mpaka mayankho analembedwa.

Mayi wina wa m'komitimo anandionetsa kachipinda kamene kali kumapeto, kokhala ndi malo osambira ndi chitseko chokhomeka m'kati. Anandiuza motsitsa mawu kuti n'ka atsikana akakhala kumwezi, poti ambiri amangojomba masiku amenewo posowa posinthira. Pa pulani yoyamba kachipindako panalibe. Amayiwo ndiwo anakaumirira, a Rotary n'kubwerera kukajambulanso. Ndinakonda kumva zimenezo kuposa china chilichonse tsiku limenelo. Thandizo lobwera ndi makutu silipezekapezeka.

Masana kunabwera chidebe cha thobwa, ndipo tinamwera limodzi, dokotala, mmisiri, a mfumu ndi ine. Zinandikumbutsa dima wa kumudzi: anthu amabwerera thobwa ndi macheza, koma pofika madzulo munda walimidwa. Ndikhulupirira kuti chinsinsi chimene a m'minibasi amachisaka n'chomwechi. Munthu satopa kuthandiza ngati kothandizako kuli anzake omudikira. Amakumana sabata ndi sabata, amayenderana pamatenda ndi pamaliro, amadziwa mayina a ana a anzawo, choncho wolonjeza matumba a simenti sangathawe, mawa lomwe akhala naye patebulo limodzi amene anamumva akulonjeza.

Pali ntchito ina yawo imene inafika pakhomo pa pafupifupi aliyense wa ife, kungoti sitinadziwe mwini wake. Mu 1985 a Rotary anayamba nkhondo yothana ndi poliyo, ndipo mu 1988 anagwirana manja ndi WHO, UNICEF ndi bungwe la CDC la ku America. Nthawi imeneyo matendawa amapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pachaka m'mayiko 125. Mu Ogasiti 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi kachilombo ka poliyo kachilengedwe. Koma mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka nako, koyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992, ndipo kachilomboko kanali kofanana ndi kamene kamapezeka ku Pakistan. Mukukumbukira alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo ndi timabokosi tozizira, kudontheza madontho awiri m'kamwa mwa mwana n'kumupaka inki pakachala? Mwa ndalama zoyendetsera nkhondo imeneyi padziko lonse muli za a Rotary, zosonkhedwa pang'onopang'ono m'makalabu ngati imene ndinakadyako, ndipo bungwe la Gates Foundation limaikapo madola awiri pa dola iliyonse yawo. Pa 24 Okutobala chaka chilichonse amakumbukira tsiku la poliyo.

Sindikubisirani, umembala si wotchipa. Pali chopereka cha pachaka, mbali ina yake imapita kulikulu lawo ku Evanston m'madola, pali chakudya cha sabata iliyonse, pali kambale kaja. Zokambirana zambiri zimayenda m'Chingerezi, ndipo msonkhano wa masana a tsiku la ntchito umakomera amene ali ndi ufulu wotseka ofesi. Mphunzitsi wa pulayimale kapena mayi wa geni, amene amadziwa mavuto a m'dera kuposa wina aliyense, sangakwanitse msanga. Ndikadakhala ndi mawu kumeneko ndikadayambira pamenepa. Komabe makomo ena alipo. Achinyamata a zaka 18 kupita m'tsogolo ali ndi Rotaract, ana a sukulu a zaka 12 mpaka 18 ali ndi Interact. Palinso a Lions, amene anayambanso ku Chicago mu 1917 ndipo amadziwika ndi za maso, monga chipatala cha maso cha pa Queen Elizabeth Central Hospital chimene chili ndi dzina lawo.

Kalowedwe kake nthawi zambiri n'koti membala akuitane, ubwere kangapo ngati mlendo, akudziwe, nawenso uwadziwe, kenaka dzina lako liperekedwe kwa akuluakulu a kalabu. Amakonda kusakaniza anthu a ntchito zosiyanasiyana kuti pakafunika loya, mmisiri kapena wowerengera ndalama apezeke pomwepo. Ukalowa, ukhoza kukakhala nawo pa msonkhano wa kalabu iliyonse, kaya ku Lusaka, ku Harare kapena ku London. Utsogoleri umasintha pa 1 Julayi chaka chilichonse, ndipo pulezidenti wotuluka amabwerera pampando wamba popanda kukokedwa.

Langa dzina alamu alitenga kale. Inu ngati mukudziwa wina wovala kagudumu kaja pachifuwa, mupempheni akutengeni tsiku limodzi, ndipo musathere pa chakudya chokha. Muwafunse kumene akukagwira ntchito Loweruka, muvale nsapato zakale, mupite nawo.